Zida za Sauli ndi Gulaye wa Davide

Kaya mwakhala pakhonde mukusola chimanga, kaya muli pamphasa mukudwazika wodwala, kaya mwangoweruka kumene kudimba, tikuthokoza kuti mwatchera khutu. Mawu a Mulungu amene tilingalire lero akuchokera m'malo awiri: 1 Samueli 17:38-40 ndi Machitidwe a Atumwi 19:13-17. Amene muli ndi Baibulo pafupi, muwerenge ndime zimenezi modekha. Amene maso anayamba kuvuta, itanani mdzukulu akuwerengereni mokweza.

Nkhani ya Davide ndi Goliati tonse tinaimva tili ana. Koma muli kachigawo kena kamene timakonda kukadumpha pothamangira kukaona chimphona chikugwa. Afilisti ndi Aisraele anali atandandana m'chigwa cha Ela. Kwa masiku 40 Goliati ankatuluka m'mawa ndi madzulo kunyoza gulu la nkhondo la Israele, ndipo panalibe wolimba mtima wokamenyana naye. Malaya ake achitsulo okha ankalemera masekeli 5,000 a mkuwa, kuposa thumba la chimanga la makilogalamu 50. Kenaka anafika mnyamata woweta nkhosa wa ku Betelehemu, mwana wotsiriza wa Jese, amene anangotumidwa kudzapereka kamba kwa akulu ake. Iyeyu ndiye anadzipereka.

Mfumu Sauli sanamufunire zoipa mnyamatayo. Anamuveka zovala zake zankhondo, chisoti chamkuwa kumutu, ndi malaya achitsulo pathupi, ndipo Davide anamangirira lupanga m'chiuno. Zinali zida zabwino koposa m'dziko lonselo, pakuti zinali za mfumu. Koma tikumbukire kuti Sauli anali wamtali kuposa anthu onse a mtundu wake, monga timamvera pa 1 Samueli 9:2. Davide atayesa kuyenda nazo, zinamukanika, chifukwa sanazizolowere. Anazivula pamaso pa mfumu pomwepo. Anatenga ndodo yake, nasankha miyala isanu yosalala mumtsinje, naika m'thumba lake la ubusa, gulaye ali m'manja. Gulaye ameneyu ndi chida chimene dzanja lake linakula nacho kubusa, kumene analimbana ndi mkango ndi chimbalangondo. Akanachita manyazi kuvula zida za mfumu, akanafera m'chigwa momwemo, atavala bwino ngati mfumu.

Makolo athu anatisiyira mwambi wakuti nsalu yobwereka sithetsa usiwa. Tiugwire mwambi umenewu pamene tikuyang'ana zimene zikuchitika m'matchalitchi athu a kumidzi masiku ano.

Kale mlaliki wa kumudzi ankamva alaliki anzake owerengeka: wansembe akabwera kudzachita Misa, mphunzitsi wa pasukulu ya mishoni, ndi akulu a mpingo pamaliro. Lero foni yalowa m'nyumba zambiri, ndipo mnyamata wa ku Mambwe kapena ku Petauke angathe kuonera mlaliki wa ku Lagos, wa ku Johannesburg kapena wa ku America atakhala pansi pa mtengo wa mango. Izi pazokha n'zabwino, ndipo pakati pa alaliki amenewo alipo ena oopa Mulungu. Vuto limayamba Lamulungu likafika. Mnyamata amene timamudziwa kuyambira ali kumbuyo kwa amake, amene pamudzi amalankhula mofatsa ndi mwaulemu, akaima kutsogolo amasanduka munthu wina. Mawu asasa dala. Akuthamanga uku ndi uku, mpango wopukutira thukuta uli m'manja. Akufuula mawu amodzimodzi a Chingerezi kakhumi. Nthawi zina aitana mnzake kuti azimasulira m'Chichewa, chonsecho m'tchalitchimo mulibe ndi mmodzi yemwe wosamva Chichewa, ndipo mlalikiyo naye amalota m'Chichewa.

Tisafulumire kuseka, pakuti matendawa sali pa achinyamata okha. Alipo amayi a Mothers' Union amene kale ankapemphera mapemphero ogwira mtima pokaona odwala, koma tsopano akapemphedwa amakana, akuti sadziwa kupemphera ngati a pakanema. Alipo madoda amene akapatsidwa mawu pamaliro amayamba ndi ziganizo zimene anazimva pawailesi, osadziwa n'komwe chimene zikutanthauza. Makwaya ena ataya nyimbo zimene gogo ankatha kuvomereza, natola zina zimene ngakhale oimbawo sangakuuzeni mawu ake akunena chiyani. Zonsezi ndi zida za Sauli pathupi la Davide.

Wina anganene kuti palibe choipa, bola dzina la Yesu likutchulidwa. Tiyeni tione chimene chikutayika. Agogo aja ayenda mtunda wautali ndi ndodo kuti adzamve mawu a Mulungu. Kunyumba asiya mdzukulu wamasiye wodwala malungo, ndipo nkhokwe yatsala pang'ono kutha pamene Januwale sanafike. Akhala pabenchi maola awiri, amva phokoso lalikulu, aomba m'manja pamene ena akuomba, koma akubwerera ndi mtolo womwe anabwera nawo. Munthu amene anayenera kuwadyetsa anali wotanganidwa ndi kukumbukira mmene mlaliki wa pafoni amaimira ndi mmene amakwezera mawu, ndipo sanawaone n'komwe. Nkhosa yabwera kwa mbusa n'kubwerera ndi njala. Apa ndiye pali mlandu, ndipo Mwini nkhosa adzatifunsa.

Pali china choopsa kuposa apa. Amene amatsanzira mayendedwe a munthu sachedwa kutsanziranso chiphunzitso chake, osachiyesa ndi Malembo. Ndi momwemo m'midzi yathu mwalowera nkhani zogulitsa mafuta ndi madzi odalitsidwa, zouza mayi wamasiye kuti apereke nkhuku yake yotsiriza kuti alemere, ndi zouza wodwala kuti asiye mankhwala a kuchipatala chifukwa wapemphereredwa. Inu odziwa tchire mukuidziwa mbalame ija yakuda yotchedwa mthengu. Imatha kulira ngati mbalame zina. Ikaona inzake yagwira chakudya, imalira kulira kochenjeza za ngozi, inzakeyo n'kutaya chakudya n'kuthawa, mthengu n'kutola. Alipo anthu amene anaphunzira kulira ngati atumiki a Mulungu pa cholinga chonga chimenechi. Ife tikamawatsanzira osaganiza, timathandiza kulanda anthu athu omwe.

Tiyeni tsopano ku Efeso, m'buku la Machitidwe. Mulungu ankachita zozizwitsa zambiri kudzera mwa Paulo mumzindamo, ndipo mbiri yake inawanda. Kunali ana aamuna asanu ndi awiri a Myuda wina dzina lake Skeva, amene ankayendayenda kutulutsa ziwanda. Iwo anaona kuti Paulo akatchula dzina la Yesu zinthu zimachitika, ndipo anaganiza kuti mphamvu ili m'katchulidwe. Anatenga mawuwo nakawanena pa munthu wogwidwa ndi mzimu woipa, natchula Yesu monga amene Paulo amamulalikira. Mzimuwo unawayankha kuti Yesu ukumudziwa, za Paulo unamva, koma iwowo suwadziwa kuti ndani. Munthu uja anawalumphira nawagonjetsa, ndipo anathawa m'nyumbamo amaliseche ndi mabala.

Taonani pamene panali polakwika. Dzina limene anatchula linali loona. Koma kwa iwo Yesu anali wa Paulo, wongomumvera kwa wina. Paulo anakumana naye pa njira ya ku Damasiko, anakhala masiku atatu osapenya, anamenyedwa ndi kumangidwa chifukwa cha dzinalo. Mawu a Paulo anali ndi mizu m'moyo wake. Ana a Skeva anathyola nthambi yokha n'kuizika pamchenga. Funso limene mzimu uja unafunsa likudikira aliyense wa ife amene amaimirira kutsogolo kwa anthu: kodi iwe ndiwe yani? Tsiku la mayesero likafika, pamaliro a mwana, pa bedi la munthu amene akutsirizika, mawu obwereka amatha msanga, ndipo chimatsala ndi chimene ife eni tikudziwa za Ambuye.

Tikawerenga Baibulo lonse tipeza kuti Mulungu sanaumbe atumiki ake m'chikombole chimodzi ngati njerwa. Mose anadandaula kuti ndi wa lilime lolemera, monga timamvera pa Eksodo 4:10, koma ndi iye amene anatumidwa kwa Farao. Amosi anali woweta ziweto wa ku Tekowa ndi wosamalira mitengo ya nkhuyu, ndipo m'buku lake mwadzaza zinthu za kumudzi: ngolo yolemedwa ndi mitolo, mkango wobangula m'tchire, dzombe, dengu la zipatso zakupsa. Sanayese kulankhula ngati ansembe a ku Beteli. Yesaya, amene ankafika pamaso pa mafumu ku Yerusalemu, analankhula mwa mtundu wina. Elisa anapempha magawo awiri a mzimu wa Eliya, natola chofunda chake, koma utumiki wake unali wosiyana. Eliya anali munthu wa kuchipululu, wotulukira mwadzidzidzi ndi mawu oopsa. Elisa ankakhala pakati pa anthu, kukonza madzi a kasupe ku Yeriko, kuthandiza mayi wamasiye wangongole, kuchotsa ululu mumphika wa ndiwo. Mzimu unali umodzi, anthu anali awiri.

Ngakhale mbiri ya Ambuye wathu Yesu tinaipatsidwa ndi anthu anayi. Marko ali ndi mitu 16 yokha, ndipo amakamba mofulumira ngati munthu amene wabwera ndi uthenga ali wefuwefu. Mateyu ali ndi mitu 28, amasanja ziphunzitso mwadongosolo ngati mphunzitsi, nalozera kawirikawiri ku Chipangano Chakale. Luka, sing'anga uja, m'mitu yake 24 amaona kwambiri amayi, osauka ndi onyozeka, ndipo ndi iye yekha amene anatisungira fanizo la Msamariya wachifundo ndi la mwana wolowerera. Yohane m'mitu 21 amabwereza mawu ochepa, kuunika, moyo, chikondi, mpaka alowe pansi pa mtima. Mpingo sunasankhepo mmodzi n'kutaya atatu. Luka akanangokopera Marko liwu ndi liwu, bwenzi lero tilibe mwana wolowerera.

Petro anadziwika m'bwalo la mkulu wa ansembe chifukwa cha kalankhulidwe kake ka ku Galileya, monga akunenera Mateyu 26:73. Anthu a ku Yerusalemu ankawaona Agalileya ngati akumudzi. Usiku umenewo Petro anayesa kubisa chimene iye anali, ndipo anamaliza ndi kulira kowawa. Koma patapita masabata asanu ndi awiri, pa Pentekoste, Mgalileya yemweyo anaimirira nalalika, ndipo anthu pafupifupi 3,000 anabatizidwa. Mzimu Woyera sanachite manyazi ndi pakamwa pa msodzi. Ndipo tsiku limenelo chozizwitsa chinali chakuti munthu aliyense anamva zazikulu za Mulungu m'chilankhulo cha kwawo, chimene anayamwira.

Ife a mpingo wa Anglican tili ndi chifukwa chapadera chogwirira mfundo imeneyi. M'chaka cha 1549, ku England, Akibishopu Thomas Cranmer anatulutsa Buku la Mapemphero m'Chingerezi, kuti mlimi wamba amene sankadziwa Chilatini amve chimene chikupempheredwa. Pa mfundo 39 za chikhulupiriro cha mpingo wathu, ya nambala 24 imakana kuchita mapemphero a pagulu m'chilankhulo chimene anthu sakuchimva. Kwa iwo nthawi imeneyo chilankhulo cha anthu chinali Chingerezi. Kwa ife kuno ndi Chichewa, Chinsenga, Chikunda, Chitumbuka. Choncho amene akufuulira agogo a kumudzi m'Chingerezi kuti aoneke wodzozedwa akubwezera mpingo ku vuto lomwe makolo athu m'chikhulupiriro analichotsa.

Kunalinso wansembe wina, George Herbert, amene anatumikira pa kamudzi ka Bemerton pafupi ndi Salisbury kuyambira 1630 mpaka imfa yake mu 1633. Anali munthu wophunzira kwambiri, wodziwika ku yunivesite ya Cambridge chifukwa cha luso la kulankhula. Koma m'kabuku kake kolangiza ansembe a kumidzi, kamene kanasindikizidwa mu 1652, analangiza kuti mbusa wa kumudzi adziwe za ulimi ndi ziweto, ndi kuti agwiritse ntchito nkhani ndi miyambi, chifukwa anthu a kumudzi amasunga zimenezi kuposa malangizo ataliatali. Munthu amene akanatha kudabwitsa anthu ndi mawu akuluakulu anasankha kulankhula zoti alimi ake apite nazo kunyumba.

Kwathu konkuno tili ndi chitsanzo. Bishopu John Hine atayamba ntchito ya mpingo wathu m'dziko lino mu 1910, amene anadzatsegula mishoni ya Msoro anali Bambo Leonard Kamungu, wansembe wachikuda wochokera ku Chia, kufupi ndi Nkhotakota ku Malawi. Anatumikira pakati pa Akunda zaka zochepa chabe, namwalira m'chaka cha 1913. Anthu a m'chigwa cha Luangwa anamva Uthenga Wabwino kuchokera pakamwa pa munthu wodya nsima ngati iwo, wodziwa khasu ndi njala. Lero pa Msoro pali tchalitchi chachikulu cha dayosizi yathu ya kum'mawa. Mbewu imene inamera pamenepo inafesedwa ndi dzanja la kwathu.

Tsopano wina afunsa kuti, kodi tonse sitinaphunzire potsanzira? N'zoona. Mwana amaphunzira kulankhula pomvera amake, mtsikana amaphunzira kuphika nsima poonera, ndipo Paulo yemwe pa 1 Akorinto 11:1 anauza Akhristu kuti amutsanze monga iye atsanza Khristu. Koma tiyang'anitsitse chimene Paulo ankafuna kuti atengere. Sanali kunena za mawu ake a pakhosi kapena kaimidwe kake, pakuti ku Korinto komweko ena ankamunyoza kuti makalata ake ndi amphamvu koma iye mwini akafika ndi wofooka ndipo kulankhula kwake n'kosagwira mtima, monga tikumvera pa 2 Akorinto 10:10. Ankanena za moyo: kudzichepetsa, kugwira ntchito ndi manja ake yosoka mahema kuti asalemetse mpingo, kupirira, kufunira ena chipulumutso. Kwa mlaliki wabwino tingaphunzire kukonda Malembo, kudzuka m'mamawa kupemphera, kukonzekera mokwanira, kuyendera odwala. Izi ndiye zotengera. Suti yake, kusasa kwa mawu ake ndi nthabwala zake timusiyire mwini.

Ife amene tinagwirako choko m'sukulu za pulayimale tikudziwa bwino kusiyana kwa mwana amene waphunzira ndi mwana amene wakopera. Ukauza ana kuti alembe chimangirizo cha mudzi wawo, wokopera amalemba za bwato ndi ukonde pamene kwawo kulibe ndi mtsinje womwe, chifukwa amene wakhala naye pafupi ndi mwana wa msodzi. Ukamufunsa funso limodzi lokha, amayang'ana pansi. Mwana wina amalemba mizere isanu yokha, zilembo zokhota, koma akunena za mbuzi ya agogo ake imene inadya thonje la aneba. Mphunzitsi aliyense amakondwera ndi wachiwiriyu, chifukwa pali poyambira kumuthandiza. Wokopera sungamuwongolere, pakuti zolakwa zimene zili papepala si zake, ndipo zabwino zomwe si zake.

Tichenjezane pa mbali inanso. Kukhala ndi mawu athuathu sikutanthauza kupeka uthenga wathuwathu. Paulo pa Agalatiya 1:8 anachenjeza mwamphamvu za aliyense wobwera ndi uthenga wosiyana ndi umene unalalikidwa, ngakhale atakhala mngelo. Uthenga ndi umodzi, wa Khristu amene anatifera nauka, ndipo tinaulandira kuti tiupereke wosasintha. Lamulungu lililonse timanena Chikhulupiriro chimodzi ndi Akhristu a dziko lonse, ndipo timapemphera mapemphero olembedwa a m'buku lathu. Kumeneku si kukopera, chifukwa mawuwo ndi chuma cha banja lonse, ndipo mwana wa m'banjamo akamadya za m'nkhokwe ya atate ake sakuba. Madzi a pachitsime ndi amodzi, koma wina amatungira mumtsuko, wina m'chidebe, wina m'chikho. Chotungira ndicho chathu, ndipo tibwere nacho chotsuka.

Nanga munthu angapeze bwanji gulaye wake? Choyamba, tiyambe ndi Baibulo, foni ibwere pambuyo. Ngati mwapatsidwa kulalika Lamulungu, werengani ndimeyo kuyambira Lolemba, m'Chichewa, mokweza, tsiku ndi tsiku. Pitani nayo kumunda m'mutu. Mudzifunse kuti ikunena chiyani, ndipo ikukutsutsani pati inuyo eni. Mukayamba ndi kumvera mmene wina wotchuka anailalikira, mawu ake adzakhala m'khutu mwanu ndipo anuwo sadzapeza malo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachiwiri, tiyang'ane anthu amene tikukalankhula nawo. Musanalembe kalikonse, aikeni m'maganizo mmodzimmodzi: bambo amene fetereza wamuchedwera, mayi amene mwamuna wake anapita kutauni osatumiza kanthu, mnyamata amene walephera mayeso a giredi 12, mabanja awiri amene akulimbirana malire a munda. Mlaliki wa pakanema, ngakhale akhale waluso chotani, sawadziwa anthu amenewa. Inu mumawadziwa, munakumba nawo manda, munadya nawo pa ukwati. Uwu ndi mwala wosalala umene uli m'thumba lanu lokha. Koma samalani kuti musaulule chinsinsi cha munthu kapena kumuloza chala paguwa.

Chachitatu, titenge zitsanzo pamene tikukhala. Ambuye Yesu ankaphunzitsa ndi mbewu, namsongole, chotupitsa mkate, ndalama yotayika, nkhosa yosokera, zinthu zimene omvera ake ankaziona tsiku lililonse. Ife tili ndi kaufiti amene amayamwa chimanga mobisa pansi pa nthaka monga tchimo lobisika, tili ndi anankafumbwe m'nkhokwe, tili ndi chiswe chimene chimadya mtanda wa denga kunja kukuoneka bwino, tili ndi mvula yoyamba ndi fungo lake. Tilinso ndi miyambi ya makolo. Khalani pansi ndi okalamba, muwafunse. Mwambi umodzi woikidwa pamalo pake umakhala mumtima mwa munthu chaka chathunthu.

Chachinayi, tilankhule monga timalankhulira ndi munthu amene timamulemekeza. Ngati Mulungu anakupatsani mawu ofatsa, lalikani mofatsa, bola akumbuyo amve. Eliya pa phiri la Horebu sanapeze Yehova mumphepo yamkuntho, m'chivomezi kapena m'moto, koma m'kamawu kakang'ono ka bata. Ngati anakupatsani mawu amphamvu ndi mtima wotentha, agwiritseni ntchito, pakuti Yohane Mbatizi sanali wonong'ona. Chachikulu n'chakuti munthu amene waima kutsogolo Lamulungu akhale yemweyo amene tikumana naye pachigayo Lachiwiri. Isake anali wakhungu, koma Yakobo atavala zovala za Esau ndi zikopa za mbuzi m'manja, nkhalambayo inazindikirabe kuti mawuwo ndi a Yakobo. Anthu athu nawo amazindikira, ngakhale sanena.

Chachisanu, tilole kuwongoleredwa. Apolo wa ku Alesandriya anali wodziwa kulankhula ndi wodziwa Malembo, koma Priskila ndi Akula atamumva anamutengera pambali namufotokozera njira ya Mulungu momveka bwino, ndipo iye anamvera. Pezani munthu mmodzi kapena awiri okhwima m'chikhulupiriro amene angakuuzeni zoona. Musawafunse ngati ulaliki unakoma, pakuti mwaulemu adzavomera. Afunseni chimene amva. Akatha kubwereza mfundo yanu m'mawu awo, mwagwira ntchito. Akangoti munalalika mwamphamvu koma osakumbuka kanthu, bwererani ku Baibulo. Ndipo musataye mtima ngati poyamba mawu anu akuoneka osauka poyerekeza ndi a otchuka aja. Davide sanaphunzire gulaye tsiku la Goliati, anaponya miyala yambiri kutchire kopanda womuona.

Tilankhulenso ndi inu amene mumakhala pabenchi, chifukwa mbali ina ya vutoli ili kwa ife omvera. Ku Korinto Akhristu anagawikana, ena akuti ndi a Paulo, ena a Apolo, ena a Kefa. Ifenso tikamatamanda wofuula yekha, n'kumanena kuti wofatsa alibe Mzimu, tikukankhira ana athu ku zida za Sauli. Mnyamata akalalika mawu oona m'Chichewa chomveka, ngakhale mawondo akunjenjemera, mupezeni panja mumuuze chimene chakuthandizani. Mayi wokalamba akapemphera pemphero lalifupi la mawu wamba, vomerezani Amen ndi mtima wonse. Ndipo inu amene munaleka kupemphera pagulu poopa kuti simudziwa mawu okuluwika, kumbukirani wamsonkho wa m'fanizo la pa Luka 18. Pemphero lake linali la mpweya umodzi, anaima patali osakweza ndi maso omwe, koma ndiye anabwerera kwawo wolungamitsidwa. Kholo silinyoza mwana wake chifukwa cha chibwibwi.

Abale ndi alongo, Mulungu amene anaika Mchewa ku Katete, Mnsenga ku Nyimba ndi Mkunda ku Mambwe anadziwa chimene akuchita. Pa Chivumbulutso 7:9 Yohane anaona khamu losawerengeka la mitundu yonse ndi zilankhulo zonse litaimirira pamaso pa Mwanawankhosa. M'khamu limenelo muli malo a mawu anu, ndipo mukawasiya n'kutenga a wina, malowo akhala opanda mwini. Sabata ino, pamene mupemphera ndi ana anu madzulo, pamene mukacheza ndi wodwala, pamene mupatsidwa mawu pa msonkhano wa m'dera, nenani chimene mukudziwa za Yesu m'mawu amene amayi anu anakuphunzitsani.

Tiyeni tipemphere.

Atate wathu wakumwamba, Inu amene munaumba pakamwa pa munthu aliyense, tikuthokozani chifukwa cha chilankhulo chathu ndi chifukwa cha onse amene anatibweretsera Uthenga Wabwino. Dalitsani ansembe, alaliki, makwaya, amayi ndi achinyamata a m'mipingo yathu ya kumidzi. Tichotsereni mantha ndi mtima wofuna kuoneka. Tipatseni kulimba mtima kwa Davide kuti tivule zimene sizitikwana, ndi kudzichepetsa kwa Apolo kuti tilandire uphungu. Tetezani osauka ndi odwala kwa onse olankhula m'dzina lanu pofuna phindu. Lolani kuti aliyense wobwera ku nyumba yanu ndi njala abwerere atadya. Tapempha izi m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.